Lameki Sanali ku L

Ndikukumbukira bokosi la makhadi la pa chipatala chaching'ono cha mishoni kwathu ku Ntcheu kuposa mmene ndikukumbukirira nkhope za anthu ambiri amene ankagwira ntchito pamenepo. Linali lamatabwa a mlombwa, lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu kuchokera paphewa, lopanda chivundikiro, ndipo m'mbali mwake munada ndi thukuta la zala. Ndakhala kuno ku Pretoria zaka zambiri. Ndinayamba ndi ntchito za m'nyumba ku Montana, kenako ndinasunga sitolo ya zipangizo pa fakitale ina ku Rosslyn, kumene mashelefu ake ndi aatali kuposa tchalitchi cha kwathu. Koma ndikamva mawu oti kufufuza, chimene chimabwera m'maso mwanga ndi bokosi lija basi.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 4. Abambo anali kuno ku Joni, kumigodi, ndipo tinkawadziwira m'makalata amene ndinkawawerengera Amayi, popeza iwo sanapondeko kusukulu. Mlongo wanga Lameki, mzime wa m'nyumba mwathu, anali atangokwanitsa zaka ziwiri. Munali m'dzinja, chimanga chitangomasula, m'nkhokwe mutatsala zitsononkho zokhazokha. Lameki anayamba ndi kutsegula m'mimba. Kenako anasiya kuyenda, mwana amene anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Tsitsi lake linafiira n'kupyapyala ngati ndevu za chimanga. Sankalira mokweza, ankangolirira chapansipansi, maso ali kumbali. Ndikamubereka ndinkaiwala kuti ndabereka munthu, mpaka ndigwire kumbuyo kuti nditsimikize.

Mwana aliyense wa kusikelo anali ndi makhadi awiri. Lina linkatsala m'bokosi kuchipatala, lina linkapita ndi mayi kunyumba. Lathu Amayi analikulunga m'kansalu n'kulisomeka kudenga, pakati pa udzu ndi phaso, poopa mbuzi ndi ana. Mbuzi sizinalipeze, ndipo ife ana sitinalikhudze. Chiswe ndicho chinalipeza. M'mawa wa tsiku la sikelo, Amayi atasolola kansalu kaja, munatuluka dothi lofiira ndi tizidutswa tonga madeya. Anaziyang'ana pang'ono, n'kuzikutumulira pakhomo, n'kunena kuti, "Akatipezera lawo."

Anzanga a kuno ku Atteridgeville amandiseka chifukwa cha sutikesi yanga ya mapepala, imene imakhala pamwamba pa njerwa zinayi m'chipinda changa cha kuseri kwa nyumba, pepala lililonse m'kathumba kake ka pulasitiki. Muli makalata onse a ntchito, makhadi a kuchipatala, zilolezo zimene zinatha ntchito kalekale, ngakhale kalata yongondiuza kuti kalata ina ikubwera. Asiyeni aseke. Iwo sanaonepo chiswe chitadya dzina la munthu. Ndipo Amayi sindiwaimba mlandu ayi. Mlandu ndi wa amene amapatsa munthu wosawerenga pepala, osakhala naye pansi n'kumuuza kulemera kwake.

Tinayenda maola awiri, udzu wa m'njira ukutinyowetsa mpaka m'mawondo. Ine ndinabereka Lameki, Amayi anasenza kathumba ka zovala ndi kapoto, ngati kuti ankadziwa kale kuti mwina sabwerera tsiku lomwelo. Tinafika dzuwa litakwera pang'ono. Sikelo inkapachikidwa pa nthambi ya mtengo wa mango, ili ndi kabudula wa nsalu yolimba amene mwana aliyense ankalowetsedwamo, ngakhale mnzake atangokodzeramo kumene. Panali fungo la mankhwala otsukira pansi, la matewera onyowa, ndi la mango otsiriza oolera pansi pa mtengo.

Dongosolo lake linali lotere. Uyambe wapita pa tebulo la kalaliki, akupezere khadi. Ndi khadilo upite kusikelo, kumene mayi woyeza ankalemba mapaundi a mwana, ndipo pambali pake ankalemba nambala ina ndi inki yofiira, yosonyeza mmene mwanayo alili poyerekeza ndi msinkhu wake. Nambala yofiira ikachepa, ndiye kuti mwana ali pangozi. Makhadi a ana oterowo ankabayidwa pa waya woimirira, wokhomedwa pa kathabwa. Wopanda khadi sankakwera sikelo. Ankauzidwa kuti abwere Lachisanu kudzalembetsa ngati watsopano, kenako adikire sikelo ya mwezi wamawa.

Tsiku limenelo kunabwera namwino wamkulu pa galimoto ya chipatala cha kuboma, monga ankachitira kamodzi pamwezi. Mawu anayenda pamzere kuti kuwodi kumene ankamwetsa ana mkaka kunatsala malo amodzi okha, ndipo galimoto inyamuka belu la masana likangolira. Mwana mmodzi, amene nambala yake yofiira inali yochepa kuposa onse, apita ndi mayi wake. Amayi anamuyang'ana Lameki. Ine ndinali wamkulu mokwanira kudziwa kuti kwa iye mwezi wamawa unali kutali kwambiri.

Pakhonde tinakhala moyandikana ndi mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, a Nasibeko, amene anabereka kamtsikana dzina lake Enelesi. Anali mayi wansangala, wolankhula mosekaseka. Anathyola chinangwa chophika n'kundipatsa mbali yaikulu, akuti ine ndi amene ndabereka mwana ulendo wonse, Amayi angosenza kapoto. Enelesi anali ndi kamkanda koyera m'chiuno, kamene kankatsika kokha mpaka m'ntchafu, amayi ake n'kumangokakweza uku akupitiriza nkhani. Khadi lawo anali nalo, loyera bwino, losungidwa m'chitini. Anadutsa msanga.

Kalaliki anali a Kamwendo, bambo wamng'ono thupi, wa malaya oyera osita bwino, cholembera chili kukhutu. Anali atangobwera chaka chomwecho, kulowa m'malo mwa kalaliki wina amene anasamutsidwa. Ankanyadira bokosi lawo, ndipo kunena chilungamo panali chonyadira. Makhadi onse, mazanamazana, anaima motsatira zilembo za dzina la mwana, A kutsogolo, Z kumbuyo. Mayi akatchula dzina, a Kamwendo sankayambira kutsogolo n'kumawerenga limodzilimodzi monga ndinkaganizira ine. Ankalowetsa zala ziwiri pakatikati pa bokosi n'kukweza khadi limodzi pang'ono. Ngati dzina lofunidwa liyenera kukhala kutsogolo kwa khadilo, theka lonse la kumbuyo ankalikankha ndi chikhatho, osaliyang'ananso. Pa theka lotsalalo ankalowetsanso zala pakati. Kenako pakati pa lotsalalo. Nthawi iliyonse malo ofufuza ankachepa ndi theka, ndipo asanalowetse zala kakhumi, khadi linali m'manja. Ankalitulutsa molikweza m'mwamba ngati avuula nsomba, amayi pamzere n'kumati, "Koma abambo awa!"

Ndinaima pambali ndikuyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndinazindikira ndekha chifukwa chake njirayo inkatheka. Khadi lililonse linkaloza kumene kuli anzake, chifukwa lililonse linali pamalo pake. Chimene sindinazindikire msanga n'chakuti njira yomweyo ikanena kuti palibe, imanena molimba mtima chimodzimodzi, itangoyang'ana makhadi osakwana khumi pa mazana onse aja.

Itafika nthawi yathu, Amayi anagwada n'kufotokoza za chiswe. A Kamwendo anapukusa mutu nthawi yaitali ndithu, kuti aliyense pamzere aone.

"Dzina la mwana?"

"Lameki, abambo. Wa a Yohane Mbewe."

Zala zinalowa pakati. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Zinakathera pakati pa makhadi awiri oyandikana, ndipo anatiwerengera mokweza. "Laisoni. Lazaro. Pakati pa awiriwa ndi pamene pakanakhala Lameki. Mukuonapo chiyani, mayi?"

"Sindikuonapo kanthu, abambo."

"Inenso. Mwanayu sanalembetsedwepo pano."

"Anabadwira pompano, abambo. Katemera anabayitsa pompano. Onani chipsera ichi."

"Zipsera sindisunga m'bokosi. Lachisanu. Wotsatira!"

Amayi anadzuka n'kukakhala pansi pa mtengo, Lameki ali pamiyendo. Sanali munthu wotsutsana ndi wovala malaya oyera. Ine sindinachoke. Ndinaima pangodya ya tebulo, maso ali pa bokosi. Atathandiza amayi ena atatu, a Kamwendo anandifunsa ngati ndimapita kusukulu. Nditavomera, anazula makhadi onse a L, n'kuika rula pamalo pake, n'kundipatsa.

"Werenga wekha, mphunzitsi wamkulu. Ukasokoneza limodzi udziwanso."

Ndinakhala pansi, makhadi ali pamiyendo, n'kuwayenda limodzilimodzi kuyambira loyamba mpaka lotsiriza, kenako kubwerera chambuyo. Anali olimba, a m'mbali mofewa ngati nsalu, ena onunkha utsi. Lameki munalibe. Koma ndinaona kanthu kena kamene sindinkafufuza. Makhadiwo analembedwa ndi manja awiri. Ena anali a zilembo zing'onozing'ono zoimirira, za inki yatsopano, ndipo amenewo anali a Kamwendo. Ena anali a zilembo zazikulu zopendekera, za inki yofwifwa, a kalaliki wakale uja. M'zilembo zoimirira munali maina a mitundu yonse, Laisoni, Lazaro, Luka. M'zopendekera munali maina a kumudzi okhaokha, Lekeleni, Limbani, Lingilirani. Dzina la kutchalitchi munalibe ngakhale limodzi. Ndinadabwa nazo, koma sindinadziwe chochita nazo. Ndinabweza makhadi monga ndinawalandirira, ndipo a Kamwendo anawawerenga kawiri asanachotse rula.

Nthawi imeneyo namwino anali atayamba kale ntchito yake pa waya. Anali mayi wamtali, wamagalasi, wosaseka. Waya sunali ngati bokosi. Makhadi anabayidwapo monga anafikira, la woyamba kukwera sikelo lili pansi, la wotsiriza lili pamwamba. Panalibe pakati poti n'kulowetsa zala, ndipo kuti ufike lapansi unayenera kuchotsa onse apamwamba. Bokosi nalo silikanamuthandiza. Linkadziwa maina, za njala silinkadziwa kanthu. Likanasanjidwa motsatira nambala yofiira, namwino akanangotenga khadi loyamba n'kukwera galimoto, koma pamenepo a Kamwendo sakanapezamo dzina la munthu aliyense. Bokosi limayankha msanga funso limodzi lokha, limene analisanjira.

Choncho namwino anachita chokhacho chimene chikanatheka. Anazula khadi lapamwamba n'kuligwira kudzanja lamanzere. Anazula lachiwiri ndi lamanja, n'kuwayerekeza. Lokhala ndi nambala yochepa linatsala kumanzere, linalo analiika chafufumimba patebulo. Lachitatu chimodzimodzi, lachinayi chimodzimodzi. Sanadumphe ngakhale limodzi, pakuti lochepetsetsa likanatha kukhala lapansi penipeni. Maso onse a amayi a ana aja anali pa dzanja lamanzere. Mpaka lero sindidziwa ngati ankapempherera kuti khadi la mwana wawo litsale kumanzere kapena lichoke. Kutsala kunali galimoto ndi mkaka, komanso kunali kuuzidwa pagulu kuti pa ana onsewa wako ndiye wafika poipa. Waya utatsala wokhawokha, kumanzere kunali khadi la Enelesi. Ndinaiwerenga nambala yake mozondoka, ndili mbali ina ya tebulo: 63. A Nasibeko anayamba kumanga kathumba kawo.

Dzuwa linali pafupi kufika paliwombo, ndipo woyendetsa galimoto anali akupukuta galasi ndi chipewa.

Chimene chinandithandiza ndi chikwapu cha kusukulu. Kunyumba ndine Lozi. Amayi ankati Lozi, Agogo ankati Lozi, ndipo nditalemba choncho pa kope langa, aphunzitsi anandikwapula katatu m'manja, akuti dzina langa ndi Rose, loyamba ndi R. Ife L ndi R timazitchula ndi lilime limodzi, khutu lathu silimva mpata pakati pake. Amene waphunzira pang'ono amadziwa kuti anthu akumudzi amasandutsa R kukhala L, ndiye amayamba kukonza. Ndipo munthu akayamba kukonza, amakonza ndi zosawonongeka zomwe. Ndinakumbukira zilembo zopendekera zija. Kalaliki wakale uja akamva dzina la kutchalitchi loyamba ndi L, lochokera pakamwa pa mayi wakumudzi, ankapita nalo kuti?

Ndinathamangira kutebulo n'kunena, ndili chiimire, "Mwina lili ku R."

"Ku R?" A Kamwendo anachotsa cholembera kukhutu. "Iwe, dzina limeneli ndinaliwerenga usanabadwe. Ndi L. Ndikayamba kufufuza dzina lililonse pa chilembo chilichonse, bokosi lili ndi ntchito yanji? Ndiliwaze nkhuni?"

Amayi anali atafika kale kumbuyo kwanga, ndipo ananditsina pantchafu, chifukwa mwana saphunzitsa wamkulu ntchito pagulu, makamaka ali chiimire. Chondipweteka mpaka lero n'chakuti a Kamwendo sanalakwitse. Dzinalo ndi L. Njira yawo inali yolondola. Cholakwika chinalowa m'bokosi iwo asanabwere, ndipo chinakhala phee pakati pa makhadi olondola.

Ndiye ndinanama. Ndinadikira kuti mayi mmodzi adutse, n'kugwada bwinobwino, mawondo onse pansi, n'kuomba m'manja.

"Abambo, pepani, ndinalankhula mwachibwana. Koma azakhali anga anandituma kuti ndifunse ngati khadi la mwana wawo Labisoni lilipo. Nawonso chiswe chinawadyera."

Ndinalibe azakhali a mwana wa dzina limenelo. Ndinangosankha dzina limene ndinkadziwa kuti liwayabwa.

"Rabson," anandikonza, akugudubuza lilime. "Osati Labisoni. Rrrabson. Waona? Limeneli ndiye la ku R. Mudzi wanu wonse ukudyetsa chiswe mapepala a chipatala?"

Zala zinalowa. Ankatchula chapansipansi khadi lililonse limene akweza, monga mwa chizolowezi chawo. "Mateyu. Tereza. Patuma. Ruth. Rameck." Chikhatho chinali chitayamba kale kukankha, kulowera kutsogolo kumene Rabson akanakhala, pamene chinaima. Anakweza khadilo pang'ono. Kenako analitulutsa lonse. Zilembo zazikulu zopendekera, inki yofwifwa: Rameck Yohane Mbewe, ndi dzina la mudzi wathu pansi pake.

Sanalikweze m'mwamba ngati nsomba. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, natsokomola, n'kunena kwa Amayi, osati kwa ine, "Mayi, thamangani nalo kusikelo. Anthu ena amalemba ndi phazi." Za Rabson sanafufuzenso, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa.

Ndisadzitame. Zala zija zikanatha kugwera khadi loyandikana nalo n'kudutsa, pakuti njira imeneyo siyang'ana zimene ikudumpha. Nzeru inalipo pang'ono, mwayi unali wochuluka. Koma zaka zonse zimene ndinasunga sitolo ku Rosslyn sindinauzepo munthu kuti palibe ndisanayang'ane malo awiri, ndipo amakanika ankanditcha dzina chifukwa cha kuchedwa kumeneko.

Mayi woyeza anali atachotsa kale kabudula panthambi. Anamupachikanso akung'ung'udza. Lameki analowamo osalira, miyendo ikulendewera ngati timitengo, ndipo muvi wa sikelo unasuntha pang'ono ngati sukufuna. Mayiyo anayang'ana pa tchati chake, analemba 61 ndi inki yofiira, n'kusiya kung'ung'udza. Anathamanga nalo yekha khadilo kwa namwino, amene anali ataima pa chitseko cha galimoto, khadi la Enelesi likadali kumanzere.

Namwino analandira lathu ndi dzanja lamanja. Anayang'ana ili, n'kuyang'ana ilo, monga anachitira ndi ena onse aja, osafulumira, osachedwa. Kenako anasinthanitsa manja. Chimene chinachitika n'chokhacho. Belu linalira.

A Nasibeko anali atakweza kale mwendo umodzi m'galimoto. Namwino anawalankhula mawu ochepa, anawapatsa mapaketi awiri a mkaka waufa, n'kuwauza za mwezi wamawa. Anatsika. Sanakuwe, sanatukwane munthu. Anamasula Enelesi, namuberekanso bwino, n'kukweza kamkanda kaja. Podutsa pamene ndinaima anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wachita bwino, mwanawe. Ndi mlongo wako." Chinangwa chawo ndinali ndisanamalize, kachidutswa kanali kadakali m'thumba la diresi langa.

Ndinabwerera kumudzi ndekha, kumsana kuli kopepuka, kukauza Agogo. Amayi ndi Lameki anakhala kuboma milungu isanu ndi umodzi, ndipo anabwera mwana ali ndi masaya, akulirira chakudya mokweza moti anthu oyandikana nafe anadandaula. A Nasibeko sindinawaonenso. Mwezi wotsatira kunalibe wondipititsa kusikelo, ndipo mudzi wawo unali kutsidya, kumene tinalibe abale. Sindinafunse. Ndinali mwana, ndipo wathu anali atachira. Za Enelesi ndilibe pepala lililonse.

Lameki lero ndi bambo wa mimba yake, amawotcherera zitsulo ku Rosslyn komweko. Pa pasipoti, pa chilolezo ndi pa khadi la kuntchito ndi Rameck, chifukwa pepala lililonse linakopera kwa linzake kuyambira pa khadi lija. Ndalembapo makalata anayi opempha kuti akonze, ndipo makope ake ndili nawo, pamodzi ndi yankho limodzi lokha limene linabwera, lolembera Mayi Lose Mbewe. Iye amati ndizisiye, akuti R ameneyo ndi amene anamukweza galimoto. Si zoona. R ndi amene anatsala pang'ono kumusiya, ndipo ndimamuuza choncho nthawi iliyonse.

Mwana wake wamkazi, Tadala, akuphunzira za makompyuta pa yunivesite ina mumzinda muno. Loweruka lina posachedwapa anatsika tekisi pakona pathu atanyamula laputopu, akudandaula za ntchito imene anapatsidwa: alembe malangizo oti makina azifufuza chinthu pa mndandanda, ndi oti azipeza chochepetsetsa. Anayamba kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala. Mndandanda wosasanjika uyenera kuuyenda wonse. Wosanjika umaudula pakati, kenako pakati pa wotsalawo. Pali wina wolumikizana ngati unyolo, mmene chilichonse chimangodziwa chotsatira chake, ndiye sungadumphe. Palinso wina wonga mtengo wozondoka, zochepa kumanzere, zazikulu kumanja, moti ukafuna chochepetsetsa umangotsika chakumanzere mpaka nthambi zithe. Ndinamuuza kuti wodula pakati ndi wosadumpha ndinawaona agogo ake atagwada patsogolo pawo. Mtengo wokhawo ndiwo unali wachilendo, ndipo nawonso sunasiye dzanja lamanzere.

Pa mndandanda wake woyesera anaikapo maina a pabanja pathu, monga alili pamapepala. Ndinamuuza kuti afufuze Lameki. Makina anayankha kuti palibe, ndisanaphethire n'komwe.

"Eish, Azakhali, limenelo si vuto la pulogalamu. Ndi la amene analowetsa dzina."

"Ndikudziwa. Ndinakumanapo ndi bambo wina amene ankanena zomwezo."

Zinthu zasintha, ndipo sindikana kuti zambiri zasinthira kwabwino. Chiswe sichidya zimene zili m'makina. Kuchipatala kumene ndimakatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, mtsikana wa pawindo amandipeza ndisanakhale pansi. Koma galasi la kompyuta limayang'ana iye, ine ndimaona kumbuyo kwake. Sindiona zala zikulowa pakati, sindimva maina amene akudutsidwa. Zilembo zonse zimafanana, moti sungadziwe kuti dzina ili analemba ndi wodekha, ili ndi wodzimva kuphunzira. Akanena kuti palibe, palibe pogwada, palibe rula yoti akuikire n'kukupatsa makhadi kuti uwerenge wekha. A Kamwendo anali wonyada, koma bokosi lawo linalibe chivundikiro.

Kenako Tadala anandionetsa za chochepetsetsa. Analowetsa nambala zambirimbiri, nadina, ndipo imodzi inatuluka yokha pagalasi. Ndinamufunsa kuti nanga yotsatira yake, yachiwiri kuchepa, imapita kuti.

"Sipita kulikonse, Azakhali. Ikadali momwemo. Mukaifuna mumachotsa yoyambayo, n'kufunsanso."

"Nanga ngati palibe wofunsanso?"

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala za okalamba. "Ndiye ingokhala."

Ndinamuuza kuti wakhoza, n'kudzuka kukateleka madzi a tiyi.